Ntchito ndinayambitsa ndine, koma andipatsa jezi

Aphungu,

Ndine mayi wophunzitsa pa yunivesite ina, ndipo chaka chamawa ndipuma pantchito chifukwa zaka zakwana. Sindinalemberepo munthu kupempha nzeru. Moyo wanga wonse ndakhala ndili kutsogolo kwa kalasi, ndiye mukaona kuti penapake ndikulankhula ngati ndikukalipira ana, mundikhululukire. Kunyumba andiuza kuti nkhaniyi ndatopetsa nayo anthu, n'chifukwa chake ndabwera nayo kwa inu.

Ndimaphunzitsa za kakhalidwe ka anthu, koma mbali yanga yeniyeni ndi masewero. Ndimafufuza kuti amasewera ndani, amaletsedwa ndani, bwalo labwino amapatsa ndani, ndipo amene amangochapa majezi a anzake ndi ndani. Pamene ndinkayamba, anzanga a m'dipatimenti ankaganiza kuti mutu wanga sukuyenda bwino. Iwo ankafufuza za ndale, za umphawi, za malamulo a dziko, zinthu zimene ukazitchula pamsonkhano anthu amagwedeza mitu mwaulemu. Ine ndinkafuna kudziwa chifukwa chake kamtsikana kamene kankasiya anyamata onse m'mbuyo kupulayimale kamaleka kuthamanga kakangosinkhuka, ndiponso chifukwa chake mayi akangobereka amatsanzikana ndi mpira mpaka kumanda. Pulofesa wina, amene anatisiya kale ndipo sindinganame kuti ndimamusowa, anandifunsa pamsonkhano kuti, "Kodi mayi, digiri ya ntchemberembayeyi amalemba mayeso kapena amangodumpha?" Onse anafa nalo phwete. Ine nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi ketulo m'manja, ndikumuthirira tiyi.

Za ketuloyo ndisazilumphe. Kwa zaka zambiri ndinali mkazi ndekha m'dipatimenti yathu, ndipo pamsonkhano uliwonse wothira tiyi ndi wolemba zokambirana ndinali ine, ndipo mpaka lero ndine. Palibe anandilamulapo. Ankangokhala pansi, n'kuyang'ana ketulo, kenako n'kuyang'ana ine. M'mawa ndinkaphunzitsa ana kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana, masana n'kumafunsa kuti, "Masupuni angati, bwana?" Ndipo mudziwe, Aphungu, kuti wolemba zokambirana salankhula. Mutu uli pansi, dzanja likuthamangitsa mawu a ena, ukamadzutsa mutu kuti unenepo zako upeza adutsa kale pa mfundoyo. Mukafufuza m'mafayilo a zaka zonsezo mupeza zolemba za dzanja langa pa tsamba lililonse, koma maganizo anga simuwapezamo.

Kuseri kwa laibulale yathu kuli kabwalo kakale ka ntchemberembaye. Simenti yake inang'ambikang'ambika, udzu unamera m'ming'alumo, ndipo mzati umodzi unapendekeka ngati munthu womva msana. Tsiku lina ndikucheza ndi amayi okolopa m'maofesi, ndinamva kuti angapo mwa iwo ankasewera ali atsikana. Ndinagula mpira n'kuwauza kuti tikumane Loweruka m'mawa. Anabwera ochepa, mwamanyazi, atavala nsapato zogwirira ntchito. Loweruka lotsatira anabwera ndi anzawo oyandikana nawo nyumba. Pano papita zaka zoposa makumi awiri ndipo gululo lilipobe: azigogo, amasiye, opuma pantchito, ogulitsa pamsika, ena oyenda ndi mankhwala a shuga m'kachikwama. Malamulo anadzipangira okha. Kuthamanga n'koletsedwa, amangoyenda ndawala. Amene wamva chizungulire amakhala pansi popanda womuseka. Woyimbira wawo ndi mayi amene kale ankagwira ntchito kuchipatala, ndipo onse amangowati Anamwino. Amabwera ndi wenzulo m'khosi ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi m'chikwama, ndipo akanena kuti "Inu lero ayi," palibe amatsutsa.

Woponya zigoli wawo amawatcha Achimtali. Anali katswiri kusukulu, koma atakwatiwa amuna awo anawauza kuti mkazi wapabanja saonetsa miyendo pabwalo. Anabwereranso ku mpira amunawo atamwalira, imvi zili mbuu. Nditawafunsa kuti zatheka bwanji kuti dzanja lisaiwale, anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, ine zaka zonsezi zovala zakuda ndimaponya m'beseni ndili patali. Bambo aja ankangoti ndi ulesi." Mawu ngati amenewa ndili nawo ambirimbiri, chifukwa Loweruka lililonse ndinkaima m'mbali mwa bwalo ndi kachipangizo kojambulira mawu. Kawirikawiri ankandiitana kuti, "Aphunzitsi, lowani, tikusowa wapakati!" Ine ndinkangowaonetsa nsapato zanga kuti si zosewerera. Kusukulu anatiphunzitsa kuti wofufuza amaonerera, salowa m'masewero.

Zimene ndinkapeza ndinkazilemba m'timabuku tosavuta kuwerenga, n'kumatigawa m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'masukulu. Ndinkapitanso pawailesi. Ndinkaona kuti oyenera kumva zimenezi ndi amayi eni ake ndi amuna awo. Koma komiti yokweza anthu pantchito siwerenga timabuku. Imawerenga mapepala otuluka m'magazini a akatswiri akunja, olembedwa mozungulira moti ngakhale mwana wako wa kusekondale sangatolepo kanthu. Nthawi zonse ndikapempha kukwezedwa yankho linali lakuti, "Ntchito yanu ndi yothandiza kwambiri anthu, mayi, koma si yaukatswiri." Anyamata amene ndinawalandira ndekha pakhomo la dipatimenti anandipitirira mmodzimmodzi, ine ndili pampando womwewo, moyang'anizana ndi zenera lomwelo losatsekeka.

Tsopano ndifike pa munthu amene wandilembetsa kalatayi. Anabwera kwa ine ali wophunzira wokonda mpira wamiyendo, akufuna kulemba za ochemerera matimu akuluakulu. Ndine ndinamutengera kuseri kwa laibulale, ndipo tsiku loyamba anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinamuyang'anira pa digiri yake yachiwiri, ndinamukonzera ziganizo, ndinamulembera umboni kuti apeze mwayi wokaphunzira kunja. Atapempha kuti agwiritse ntchito mawu amene ndinajambula, ndinamupatsa ndi mtima wonse. Anabwerako ali dokotala, mapepala ake ali m'magazini aja, onse onena za amayi anga a kubwalo aja. Dzina langa lili m'buku lake, inde, pa tsamba lothokoza, pakati pa mkazi wake ndi munthu amene anamutayipira.

Musaganize kuti ndi wamwano. Akanakhala wamwano bwenzi zikundipepukira. Amandiimirira ndikalowa, amandinyamulira chikwama, amanditchula kuti amayi. Ndi ulemu womwewo wandidyera masuku pamutu.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mabungwe othandiza anayamba kufuna nkhani za amayi, za okalamba ndi za masewero, zonse zitatu zimene ankandiseka nazo. Mwadzidzidzi aliyense m'dipatimenti anasanduka katswiri wa jenda. Bambo wina amene ankawodzera ine ndikamafotokoza za kafukufuku wanga anandiimitsa m'khonde n'kunong'ona kuti, "Mayi, tandibwerekaniko kabuku ka zajendazi, koma kachidule, ndili ndi msonkhano kunja." Yunivesite inaganiza zotsegula likulu la kafukufuku wa masewero, jenda ndi ukalamba, n'kulengeza kuti ikufuna mtsogoleri. Ndinapempha. Ku intavyu ndinapeza amuna okhaokha atandandalika kuseri kwa tebulo, kupatula mtsikana mmodzi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo ameneyo ndiye ankathira tiyi. Wapampando anandifunsa akumwetulira kuti, "Mayi, ife tikufuna munthu woti tiyende naye ulendo wautali. Inu mwatsala ndi chaka. Mukuziona bwanji zimenezi?" Ndinayankha zimene ndinayankha, koma ndinadziwa kuti nkhani yatha. Likulu la ukalamba linandikana chifukwa ndakalamba, likulu la jenda n'kupereka mpando kwa mwamuna. Anapatsa wophunzira wanga uja.

Chowawa n'chakuti zonsezi ndimaziphunzitsa. Ndikudziwa dzina la chilichonse chimene chikundichitikira, ndikudziwa amene analembapo za chimenecho, ndingathe kukupatsani mayeso ake. Ndimaona anthu atayamba kundilankhula mokweza mawu ngati ndagontha, ndimaona akundifunsa za mawondo m'malo mondifunsa za ntchito, n'kumati mumtima, izi zili m'phunziro la sabata yachitatu. Kudziwako sikuchepetsa ululu ngakhale pang'ono.

Komabe ndinameza. Ndinamugwira chanza n'kumufunira zabwino zonse. Ndiye sabata yatha anagogoda pa ofesi yanga atanyamula jumbo ndi pulogalamu ya tsiku lotsegulira likululo. Pa pulogalamupo akalankhula mkulu wa yunivesite, woimira bungwe lothandiza, kenako iyeyo. Akatha kulankhula, alendo akapita kuseri kwa laibulale kukaonerera zimene walemba kuti "masewero a agogo athu." Atandionetsa zimenezo anapisa m'jumbomo n'kutulutsa jezi yobiriwira, kumsana kwake atalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti KAPUTENI.

Anati, "Amayi, iyi ndi yanu. Mukatsogolera timu ya agogo. Alendo akasangalala kwambiri kuona kuti ngakhale aphunzitsi athu achikulire akadali ndi mphamvu."

Ndinamufunsa kuti, "Nanga pansanja ndikalankhula nthawi yanji?"

Anayang'ana papepala ngati akufufuzadi dzina langa, n'kunena kuti, "Nthawi yachepa, amayi. Koma musadandaule, ndikakutchulani m'mawu anga."

Aphungu, sindinalire pamene ankandiseka, sindinalire pamene ankandidumpha pokweza anthu, koma iye atatuluka ndinatseka chitseko n'kulira ngati mwana. Ndinayamba ntchitoyi ndili wofufuza, lero andisandutsa chofufuzidwa. Akufuna ndikhale chitsanzo cha m'phunziro langa lomwe, ndivale jezi, nditukule manja, andizungulire ndi makamera, iye ali pansanja ndi tayi akufotokozera alendo kuti ukalamba n'chiyani.

Chimene chandichititsa kugwira njakata ndi ichi. Yunivesite inakonza kale zoti kabwalo kaja akaswe, pakhale poimika magalimoto. Chaletsa ndi likulu latsopanoli basi. Bungwe lothandiza lanena kuti likaona ndi maso kuti amayiwo akuseweradi, likonza simenti ndi mizati, ndipo bwalolo likhala lawo. Alendo akapeza palibe munthu, mkulu wa yunivesite apeza chifukwa chimene wakhala akuchifuna.

Amayi aja anamva zonse, chifukwa okolopa m'maofesi nkhani siwadutsa. Loweruka lapitali anandizungulira. Anamwino anati, "Aphunzitsi, tamva zimene akuchitirani. Ife timadziwa inu, kamnyamatako sitikadziwa. Mungonena mawu amodzi, tsikulo tonse tidwala. Alendowo akajambule udzu." Ena anawomba m'manja. Achimtali, mpira uli m'khwapa, anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye tikapanda kubwera, pano atenga?" Palibe anawayankha, inenso sindinayankhe.

Ndikuuzeni zoona, ndikufunitsitsa kunena mawu amodziwo. Ndikamuona m'maganizo ataima ndi maikolofoni kutsogolo kwa bwalo lopanda munthu, thukuta likutsikira m'kolala, mtima wanga umakhala m'malo. Amuna anga akuti, "Ingovalani jeziyo mupume mwamtendere, mukulimbana ndi chiyani pa msinkhu uno?" Mwana wanga wamkazi akuti ndipite kukhoti. Mmodzi akufuna ndigone pansi andipondeponde, winayo sakudziwa kuti milandu imatha munthu ataiwala chimene anadandaula.

Ndiye ndichite chiyani? Ndiwauze amayiwo kuti asabwere, yunivesite idziwe mwini ntchito? Kapena ndivale jeziyo? Kodi ndinawerenga mabuku onsewa, n'kupirira zonsezi, kuti pomaliza ndikadumphedumphe pamaso pa alendo ngati nkhalamba wamba?

Ine wosweka mtima,
E.N.K., kumpanda wa yunivesite


Adokotala,

Ndakutchulani choncho mwadala, chifukwa ndaona kuti kuntchito kwanu amati "mayi" akafuna kukutsekerani chitseko mwaulemu. Kalata yanu ndaiwerenga mobwereza, ndipo ndiyambe ndi chimene amuna anu sananene: akulakwirani. Simukukokomeza, simukuchita nsanje, si ukalamba ukukuvutitsani. Munalima munda umene anzanu ankauseka, mbewu zitacha akutumani kuti mukasangalatse alendo pa tsiku lokolola. Mkwiyo wanu ndi woyenera. Funso ndi lakuti mukautulira ndani.

Tiyambe ndi amene akuyenera kuulandira. Funso la wapampando lija, loti mwatsala ndi chaka, musalisiye lizizire. Lembani dandaulo ku komiti yomva madandaulo, mutchule mawu ake monga anawanenera, mutchulenso amene analipo. Musapite nokha, pitani ndi bungwe la aphunzitsi a pa yunivesite yanu. Pemphani kuti akuonetseni zimene analengeza pofuna mtsogoleri, muone ngati analembapo za zaka. Chitani zimenezi panopa mukadali pantchito, chifukwa dandaulo la munthu wopuma amaliika pansi pa mafayilo ena. Sindikunamizani, mpandowo mwina simuupeza. Malo ngati amenewa sakonda kubweza zimene alengeza. Koma dandaulo lolembedwa limakhalitsa, ndipo mkazi wina wobwera pambuyo panu adzaimirapo likadzafika tsiku lake. Za kukhoti mwana wanu adikire kaye. Muone loya pokhapokha njira zam'kati zikakanika.

Chachiwiri ndi mawu amene munajambula. Amayi aja anavomera kulankhula ndi inu, osati ndi likulu. Musaperekenso kalikonse mpaka mutagwirizana polemba kuti dzina lanu likhala pati pa chilichonse chotuluka m'mawuwo, ndiponso kuti eni mawu afunsidwenso. Likulu latsopanolo lili ndi ofesi, lili ndi mtsogoleri ndi tayi yake, koma nkhokwe muli nayo ndinu. Apa ndi pamene mungapemphe udindo weniweni, wa mlangizi wamkulu wa kafukufuku, wolembedwa bwinobwino ndi wopitirira ngakhale mutapuma. Amuna amapempha zoposa apa asanakhale n'komwe pansi, ndiye inu musachite manyazi. Timabuku tanu musanong'oneze nato bondo, tinafika kumene magazini aja safika. Koma chaka chatsalachi lembaninso pepala limodzi la mtundu umene a komiti aja amawerenga, dzina lanu lili patsogolo.

Ketulo ija isiyeni kuyambira msonkhano ukubwerawu. Musalengeze, musakwiye. Akayang'ana ketulo n'kuyang'ana inu, inunso muyang'ane ketulo n'kuyang'ana iwo. Palibe pulofesa anafapo ndi ludzu la tiyi. Zolemba zokambirana muzichita mosinthana, ndipo munene zimenezo msonkhano usanayambe.

Wophunzira wanu wakaleyo mukamuone ku ofesi yake yatsopano, mukhale pampando wa alendo, mumuuze mosapsatira. Mumuuze kuti ntchitoyi munayambitsa ndinu, kuti mukufuna kulankhula pansanja masewero asanayambe, ndipo ngati nthawi yachepa adule mawu ake. Pulogalamu analemba yekha, angathe kuisintha yekha. N'kutheka kuti sanaganizepo n'komwe. Munthu amene wakhala akulandira kwa inu chilichonse mosavutikira amafika poona ngati ndi mmene dziko lilili, ndipo inu pomugwira chanza muja munamutsimikizira kuti zonse zili bwino. Akavomera, mwapeza nsanja. Akakana, mwadziwa kuti ulemu wake umathera pa kunyamula chikwama, ndipo mulembenso zimenezo m'dandaulo lija.

Tsopano khalani bwino, chifukwa zotsatirazi sizikukomerani. Mawu omaliza a kalata yanu ndi akuti "nkhalamba wamba." Adokotala, mukunena ndani? Achimtali? Anamwino? Amayi amene mwakhala nawo Loweruka lililonse kwa zaka zoposa makumi awiri, amene mawu awo akhala akukupatsani chophunzitsa? Iwo akadumpha mumati ndi ufulu, ndi thanzi, ndi kugonjetsa tsankho. Inu akati mudumphe mukuti n'chipongwe. Zaka zonsezi munalepheradi kugula nsapato zosewerera? Ine sindinaphunzire ngati inu, koma sindikhulupirira kuti vuto linali nsapato, kapena lamulo la ofufuza. Mzere wa m'mbali mwa bwalo unkakutetezani. Kunja kwake munali aphunzitsi, m'kati mwake mukanakhala mayi wa imvi wopuma wefuwefu ngati anzanu. Chakuliritsani si mpando wokha, komanso kuti munthu wina wakuwerengerani pamodzi ndi iwo. Samalani kuti diso limene wapampando anakuyang'anani nalo lisakhale lomwelo mukuwayang'ana nalo amayiwa.

Ndipo tayang'anitsitsani jeziyo. Mwaona kuti ikukunyozani, koma simunaone amene ikuwabera. Timuyo ili ndi atsogoleri ake, amene apirira mawondo otupa ndi amuna olusa kuti aime pabwalopo. Inu simunagwirepo mpira m'masewero awo ngakhale tsiku limodzi. Mukavala KAPUTENI kumsana, mwatenga ulemu wa ntchito imene anagwira ena, chabe chifukwa muli ndi udindo ndipo alendo akuzindikirani mosavuta. Kuwawa kwa zimenezo mukukudziwa kuposa ine. Tengani jeziyo mupite nayo Loweruka, asankhe okha woivala. Mumuuze mtsogoleri watsopanoyo kuti mwatero, ndipo ngati akufunadi kuti alendo amve za ukalamba, maikolofoni ipitenso kwa mmodzi wa iwo.

Kulowa kapena kusalowa m'masewero a tsikulo zili ndi inu, ndipo mukakana palibe mlandu. Munthu sakakamizidwa kukhala chionetsero, ndipo amuna anu muwauze kuti mtendere wotseka pakamwa mwaulawa mokwanira. Koma musanasankhe, gulani nsapato. Mulowe Loweruka lopanda alendo ndi makamera, Anamwino akuyezeni ngati wina aliyense, akupatseni malo apakati aja. Mugwetse mpira, akusekeni, mupemphe madzi. Mukatero mudzadziwa ngati mukukana chipongwe kapena mukuthawa imvi zanu.

Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi mawu amodzi aja. Musawanene. Ndipo kukhala chete sikukwanira, chifukwa amayiwo akuwerenga nkhope yanu. Akukondani mpaka kufuna kudwala chifukwa cha inu, ndiye chikondi chimenecho musachisandutse chibonga. Achimtali anafunsa funso ndipo simunawayankhe. Bwererani mukawayankhe kuti inde, mukapanda kubwera, pano atenga. Muwauze zonse, za magalimoto, za simenti, za mkwiyo wanu, kenako muwamasule. Muwauze kuti nkhondo yanu ndi yunivesite mumenya nokha, iwo abwere adzasewere chifukwa bwalolo ndi lawo.

Taganizirani nokha kuti ataya chiyani ndani. Mtsogoleri watsopanoyo achita manyazi masana amodzi. Mawa lake auza alendo kuti okalamba ndi ovuta kuwasonkhanitsa, ndipo musadabwe akalemba pepala lina la zimenezo n'kulitumiza ku magazini aja. Inu mupuma ndi penshoni yanu ndi mkwiyo wanu. Koma mayi amene anadikira mpaka amuna ake atamwalira kuti agwirenso mpira alibe zaka zina zodikirira bwalo lina.

Ndimalize ndi chenjezo, ndipo ndi lowawa. Yunivesite mwina sidzapepesa. Tsiku lopuma adzakupatsani mphatso yokulunga bwino ndi mawu okoma, kenako adzakulandani kiyi, ndipo pakadzatha miyezi yochepa mlonda wapageti adzakufunsani kuti mukufuna kuona ndani. Anthu okhawo pampandapo amene adzazindikire kuti lero simunabwere ndi amayi a kuseri kwa laibulale, ngati adzakhale akadali ndi posonkhana. Mukawaswetsera bwalo pofuna kulanga mwamuna mmodzi, dziwani kuti mwamunayo sadzasowa kanthu. Ndi mtsogoleri wa likulu, ndipo atsogoleri amawasungira malo abwino oimikapo galimoto. Adzaimika yake pamene Achimtali ankaponyera.